Tamva Mochedwa za a Chidindo

Kwa mayi athu amene mwataya amuna anu, kwa ana ndi adzukulu, ndi kwa onse amene malemu anawatumikira,

Ife a bungwe la anthu opuma pantchito ya makalata talandira ndi chisoni chachikulu, komanso ndi manyazi osaneneka, uthenga wakuti mlembi wathu wakale, amene tonse tinkawatcha a Chidindo, anatisiya ndipo anaikidwa kale m'manda popanda ngakhale mmodzi wa ife kuima pambali panu. Chimvereni zimenezi mtima wanga uli m'malere. Kalata ino ndayiyamba kanayi, ndipo mapepala atatu ali m'dengu la zinyalala.

Malemuwa anatumikira zaka makumi atatu ndi zinayi, kuyambira panjinga, chikwama chili paphewa, mpaka patebulo losankhira makalata, pomwe kulira kwa chidindo chawo kunkamveka mpaka kumsewu. Ankawerenga zolemba zimene ife ena tinkati zapalasidwa ndi nkhuku, ndipo kubweza kalata kwa mwiniwake poti wolandira sakupezeka ankakuona ngati tchimo. Tikukumbukira envulopu ina imene adiresi yake inafufutika ndi mvula: anayenda nayo milungu itatu, khomo ndi khomo, mpaka anaipereka m'manja mwa mayi amene ankadikira mawu a mwana wawo. Atapuma pantchito, anakhala mlembi wathu zaka khumi ndi chimodzi, ndipo uthenga uliwonse wa matenda kapena maliro ankaulemba pamanja kwa membala aliyense.

Apa ndiyenera kunena zimene zikundisowetsa mtendere. Chaka chatha, pamsonkhano wathu waukulu, ndine amene ndinaimirira n'kunena kuti mauthenga onse a bungwe azidzera pa imelo. A Chidindo anakweza dzanja.

"A Wapampando, kuti imeloyo imathamanga sindikukana ayi," anatero. "Koma imagogoda pakhomo? Imadikira mpaka munthu atuluke?"

"Achimwene, dziko lapita patsogolo," ndinayankha. "Njinga yanu ija ipumeko, yatopa."

Chipinda chonse chinafa ndi phwete. Iwo sanakwiye. Anatseka cholembera chawo, n'kuchiika patebulo, ulembi n'kuusiyira wina.

M'mawa wa tsiku limene anatisiya, mwana wawo wamkazi anachita ndendende zimene tinalamula: anatumiza imelo ku bungwe. Inafika m'kuphethira kwa diso. Koma mawu achinsinsi otsegulira imeloyo ankawadziwa ndi mlembi watsopano yekha, amene sabata imeneyo anali m'chipatala kuchitidwa opaleshoni ya maso. Kompyuta inakhala m'kaofesi kathu, yofunditsidwa nsalu yoteteza fumbi, masiku khumi ndi awiri. Ine ndinalowamo kawiri kukatenga makiyi a kabati, n'kuidutsa osaiyang'ana.

Chimene chinatidzutsa ndi envulopu yanu, mayi, imene ndinaipeza Lachiwiri m'bokosi la makalata, sitampa yake itamatidwa mopendekeka. Munalemba mizere iwiri yokha: "Ndinakusungirani mipando khumi kutsogolo. Ndinkangoyang'ana kumsewu."

Mipando khumi imeneyo sikundichoka m'maso. Ndikakhala pansi ndimadzukanso, ndikatuluka panja ndimabwereranso kudzawerenga mizere yomweyo. Sindikuloza chala mwana wanu, kapena mlembi wodwalayo, kapena makina, pakuti imelo inagwira ntchito yake. Amene tinalephera ndife, makamaka ine, amene ndinaseka munthu wodziwa kuti uthenga sufika pokhapokha wina ataulandira. Mawu a akuluakulu akoma akagonera, koma awa atikomera mwini wake atapita.

M'malo mwa mamembala onse makumi asanu ndi limodzi, ndikupereka chipepeso chochokera pansi pa mtima kwa inu mayi ndi banja lonse, ndipo tikupempha Mulungu kuti akupukuteni misozi ndi kukupatsani mphamvu m'masiku owawa ano. Tikudziwa kuti madzi akatayika saoleka, choncho sitikukukakamizani kutikhululukira msanga.

Kalata ino sindiyitumiza pa imelo, ndipo sindiyiponya m'bokosi. Loweruka m'mawa ndibwera nayo ndekha, pamodzi ndi anzanga asanu ndi anayi a m'bungwe, kuti tikwane khumi aja. Tidzagogoda pakhomo panu. Mukapanda kutsegula, tidzaima pomwepo n'kudikira, monga momwe ankachitira amuna anu.

Ine wanu wosweka mtima,
Wapampando wa bungwe