Matewera a Laras

Lachinayi, 1 Ogasiti

Mtsinje waphwa, manyazi athu onse poyera. Majumbo, mabotolo, nsapato imodzi, ndi matewera ogula aja, otupa ngati achule akufa. Fungo mpaka pabenchi yanga. Madzulo anthu abwera kudzapitidwa mphepo monga mwa masiku onse, koma banja lina lagula nthochi zanga zokazinga n'kukadyera m'galimoto, magalasi otseka. Zandiwawa. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndikugulitsa pagombe limeneli.

Msonkhano kwa Pak Kasdi, wapampando wa dera lathu. Lamlungu tonse kumtsinje ndi masaka. Ine ndi pakamwa pangapa, ndinaimirira n'kunena kuti aliyense wopezeka akutaya matewera pamlatho ajambulidwe, chithunzi chikhomedwe pabolodi la kumzikiti. Anaomba m'manja. Bu Tumini, akazi a Pak Kasdi, kuposa onse.

Chimene amatayira ndikuchidziwa. Mayi anga ankanenanso kuti thewera la khanda likapsa ndi moto, khungu la mwana limabuka matuza, suleten. Likapita m'madzi, mwana amakhala wozizira bwino. Koma athu anali ansalu, tinkachapa. Awa saola.

Kunyumba, Laras wadzigubuduza yekha koyamba. Miyezi isanu. Mayi ake, mpongozi wanga Retno, wajambula n'kutumizira mwana wanga Wahyu ku Kalimantan, kutali kumene amagwira ntchito. Ine ndamunyamula mpaka mkono kuchita dzanzi.

Lamlungu, 4 Ogasiti

Masaka makumi atatu ndi limodzi. Msana wanga watha. Theka lake matewera okhaokha. Tinkavuula ndi nsungwi zambedza, ena akusanza. Gombe layera, miyala ija ndinkachapirapo ndili mtsikana yaonekanso. Ndinatsala pang'ono kulira.

Lole ya zinyalala sinabwere. Pak Kasdi anati muluwo sungagone, agalu amwaza. Anathira palafini kuti autenthe.

Ndi pamene ndinaziona. Majumbo atatu omangidwa pakamwa ndi kachidutswa ka nsalu yakhofi ya maluwa oyera. Nsalu yanga yakale ya batiki, ndinapatsa Retno kuti azing'amba zigamba. Iye amandiuza kuti matewera a Laras amapatsa wa ngolo ya zinyalala.

Nthawi inalipo. Machesi anakana kawiri. Ndikanangotambasula dzanja. Koma Bu Tumini anali phewa ndi phewa ndi ine, akutukwana azimayi opanda manyazi, ndipo ine ndinali nditavomera mokweza. Ndinaima n'kuonerera.

Zachikale, ndadziuza njira yonse. Zachikale.

Lachitatu, 7 Ogasiti

Laras matuza. Kumatako, m'ntchafu, awiri pamimba. Ofiira, ena aphulika. Akulira ndi mawu osasa.

Retno anangofunsa mofatsa kuti Lamlungu tinatani ndi zinyalala zija. Sindidziwa kunama. Ndinamuuza. Anati, akunditchulabe Bu, mayi: “Nsalu yanu munaiona, Bu? Ndiye munangoima?”

Ndinayankha zopusa, kuti iyenso anandinamiza. Mwana wake woyamba anamwalira ali ndi masiku khumi ndi limodzi. Ndinali pomwepo, ndine ndinamusambitsa. Ndinaziiwala bwanji pamoto paja?

Lachisanu, 9 Ogasiti

Kuchipatala. Azamba, Bu Endang, akuti ndi kachilombo ka pakhungu, kutentha ndi thukuta, ana anayi abwera nazo sabata ino, moto ulibe mlandu. Mafuta opaka, kumusambitsa kawiri, kumusiya wopanda thewera masana. Retno amagwedeza mutu ngati mwana wasukulu. Ndinaona kuti mankhwala wawalandira, mawuwo ayi.

Pobwera ndinatambasula manja kuti ndimulandire mwana. Anamutembenuzira kuphewa lina. Sanachite mwamwano, ndipo n'chimene chikundipweteka kwambiri.

Wahyu anaimba. Akuti ndisalimbane ndi Retno. Ngati ndine wolimbana ndi anthu.

Lolemba, 12 Ogasiti

Sutikesi yatsitsidwa pamwamba pa kabati. Mchimwene wa Retno abwera Lachinayi kuchokera ku Jombang kudzawatenga. Akuti masiku ochepa. Ndikuwadziwa masiku ochepa amenewo.

Pagombe anthu adzaza, nthochi zatha dzuwa lisanalowe. Aliyense akundiyamika, Bu Karsih mwachita, Bu Karsih mwatitsuka. Ndikumwetulira ngati wodwala dzino. Pansi pa mlatho matewera atsopano asanu ndi awiri, ndawerenga.

Kuseri kwa bafa ndapeza jumbo lalikulu, lodzaza. Retno akuopa ngolo chifukwa kudzala amaotcha, akuopanso mlatho chifukwa cha lamulo langa. Wangoliunjika, ntchentche zili ng'aa. Mwana wa eni, ndamutsekera makomo onse awiri.

Ndinati, ndipatse, Nduk, mwana wanga, mawa ndikataya ndekha m'madzi. Anandiyang'ana koyamba kuyambira Lachitatu.

Mapanga awiri avumbwitsa, ndikudziwa. Koma mtsinje sundiitana kuti agogo.

Lachiwiri, 13 Ogasiti

Nditangoswali m'mawa, jumbo pansi pa mpango, ulendo. Ndikuyenda monyang'ama ngati ndaba nkhuku.

Pamlatho ndapeza anthu atatu. Aliyense kanthu pansi pa mpango. Awiri atsikana a kuseri kwa msika, Lamlungu tinali nawo limodzi ndi nsungwi. Wachitatu Bu Tumini, ndi matewera a mdzukulu wawo.

Tinayang'anizana. Iwo ndi amene anayamba: “Bu Karsih, mwabwera kudzajambula kapena kudzajambulidwa?” Ndinaseka mpaka kugwira chitsulo cha mlatho, kenako misozi. Ndinawauza za nsalu yanga. Anati Lamlungu lija nawonso anazindikira majumbo awo pamulu, kutukwana konse kuja kunali kuti asalire. Mdzukulu wawo ali bwinobwino, alibe ndi thuza limodzi lomwe. Komabe abwera.

Palibe anaponya. Palibenso anafuna kubwerera nazo. Mmodzi wa atsikana aja anati iye sakufuna kuipitsa mtsinje, akungofuna mwana wake azizire, madzi basi.

Madzi basi. Ndinawatenga onse mpaka pabenchi yanga. Mgolo wanga wabuluu uja wosungira madzi otsukira makapu. Tinatunga ndowa zinayi za madzi a mumtsinje, kuthiramo, n'kumiza majumbo onse. Ndinati madzi ndi omwewa, asintha pokhala pokha. Ukadzaza tikafotsera m'dzenje kumunda kwanga kwa chinangwa. Dothi si moto.

Pak Kasdi abwera kadzutsa atatha, akuti mgolo wa zonyansa pafupi ndi chakudya n'zosayenera, nanga lamulo la zithunzi lija. Akazi awo anawauza kuti akafuna kukhoma chithunzi ayambe ndi cha m'nyumba mwawo. Anakankha okha mgolowo mpaka pansi pa mtengo wa mango, n'kulonjeza loko.

Ndamuuza Retno zoona, kuti sindinataye mumtsinje. Ndamuuzanso za mgolo. Mwina ndamunamizanso m'maso mwake.

Lachitatu, 14 Ogasiti

Majumbo khumi ndi anayi mumgolo. Pansi pa mlatho awiri okha. Makapu ndikutsukira m'beseni, madzi akundithera masana.

Matuza akuuma, akuchita nkhanambo. Mafuta a Bu Endang, kapena mgolo, sindikufunsa. Sutikesi yatsekedwa, ili pakhomo. Timalaya ta Laras tonse tachoka pachingwe. Chingwe chopanda kanthu n'chonyansa kuposa mtsinje uja.

Sindinathe kudya.

Lachinayi, 15 Ogasiti

Ndikulemba pabenchi, mafuta asanatenthe. Mchimwene wa Retno akuti afika dzuwa likapendeka.

Retno wabwera kuno. Sanabwerepo chibadwire Laras. Mwana pachifuwa, jumbo kumanja, lomanga ndi nsalu yanga ija. Wazungulira mgolo kawiri. Wagwedeza loko. Waviika chala m'ndowa ya pambali kuti amve ngati madzi ndi ozizira. Kenako wafunsa kuti kiyi amasunga ndani, ndipo ndamuonetsa chingwe cha m'khosi mwanga. Wafunsanso ngati Pak Kasdi ali ndi ina. Ndati ayi, ndipo ndikadzafa mudzaipeza pomwepa.

Ndatsegula loko. Chivundikiro cha mgolo n'cholimba, chimafuna manja awiri. Wayesa ndi limodzi, chakana. Wanditembenukira ndi mwana.

“Tamugwireni, Bu.”

Masiku asanu ndi atatu osamunyamula Laras. Wapepuka, koma khungu lake n'lozizira. Retno wamiza jumbo, watseka, ndipo sanabwere kudzamutenga. Wakhala pamwala paja akuyang'ana madzi. Za sutikesi sindinafunse, ndikuopa.

Ndikulemba ndi dzanja limodzi, ndipo Laras wagwira kale cholembera, akuchikokera kukamwa kwa—