Tambala wa Malume

Lolemba, 6 Ogasiti 1979

Kuno ku Dambe kuzizira sikukutha. Sukulu tatseka, ndiye ndaswera kumunda wa tirigu kupirikitsa mbalame m'malo mopirikitsa ana a eni.

Uthenga wabwera ndi dalaivala wa lole: Gerishon akuti chinkhoswe cha Dailesi tichiike Loweruka pa 18, abwera ndithu. "Ndithu" ameneyu ndamumva kangapo chaka chino. Mwana wanga wamkazi ndi mmodzi, mlongo wanga wamwamuna ndi mmodzinso, ndiye malume wolandira tambala kwa akuchimuna ndi iyeyo basi. Koma malumewo ndi Nduna ya Zamalonda, ndipo nduna ilibe Loweruka lakelake.

Ulendo uno tsiku lisasunthenso. Wilkins, mnyamata wa pachipatala amene akufuna Dailesi, amusamutsira ku Nsanje kumapeto kwa mwezi uno. Mwana wanga sapita ku Nsanje ankhoswe asanadziwane.

Lachitatu, 8 Ogasiti

Kuchigayo amayi anandizinga. "Kodi aphunzitsi, alongo anu shuga adamubisa kuti?" Ngati makiyi a masitolo onse a m'Malawi ndimagona nawo ine. Ndinawauza kuti inenso phala ndikumwa la mchere.

Ndimaseka ndekha ndikamumva G. pa wailesi akulengeza mitengo ya sopo ndi mawu onenepa aja. Uyu ndidamubereka kumsana ine. Malonda adayamba ndi dengu la manachesi pa msika wa Neno, n'kumabwerako theka atadya yekha, theka atapatsa anzake. Amayi ankati mwana uyu adzagulitsa ndi malaya omwe. Kenako ukalaliki pasitolo ya alimi, kenako tcheyamani wa chipani kuno, kenako phungu. Adakhalako wachiwiri kwa nduna zaka zingapo, n'kupatsidwa unduna wonse chaka chatha. Makwerero onsewa adakwera ndi pakamwa pake pokoma ndi kusaiwala dzina la munthu. Tsiku limene adamutchula pa wailesi, anthu amene sankandipatsa moni adayamba kundivulira chipewa ndili kutali.

Masana anadutsa a Malizani, malume ake a Wilkins, amene ndi kalaliki ku Boma. Asoketsa suti yatsopano. Akuti munthu sakhala pamphasa imodzi ndi nduna atavala jekete la kuofesi.

Lachisanu, 10 Ogasiti

Tazira nyumba ndi D. Thadzi lopereka kwa akuchimuna tasankha la mawanga lija, lili m'khola likudya ngati mlendo.

Lolemba, 13 Ogasiti

Ndinali kusenda mbatata pakhonde pamene nkhani za masana zinayamba. Unduna wa Zamalonda apatsa wina. Dzina la G. analitchula lonse, kamodzi kokha, kuti wachotsedwa pa unduna ndi pa mipando yake yonse ya m'chipani. Chifukwa sananene. Kenako anayamba za mpira.

D. anandiyang'ana, ine n'kumangosenda. Mbatata imodzi ndinaisenda mpaka inatsala ngati dzira la njiwa.

Ndikuopa. Tonse tikudziwa kumene ena adapita wailesi itawatchula chonchi.

Lachiwiri, 14 Ogasiti

Lero palibe wandifunsa za shuga. Zipewa nazo zakhazikika pamitu.

Pachitsime ndinamva kumbuyo kwanga: "Ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame." Wonenayo mwana wake ali pantchito ku Blantyre chifukwa cha G. yemweyo. Ndinafuna kutembenuka, koma ndowa inali itadzaza kale pamutu. Kugolosale chithunzi chija cha G. akudula riboni achichotsa, pakhoma pangotsala malo oyera ndi msomali.

Amayi a gule amene adalonjeza kudzavina pa 18 akuti ng'oma yawo yang'ambika.

Lachitatu, 15 Ogasiti

A Malizani anabwera mmawa, njinga n'kukaibisa kuseri kwa nkhokwe. Tinakamba za kuzizira, za tirigu, za msewu wa ku Boma umene sukonzedwa. Tiyi anazizira m'kapu asanafike pa chimene anadzera.

"Mayi, ife ndife antchito a boma. Ine ndi Wilkins yemwe. Kodi palibe wachibale wina amene angalandire tambala? Ngakhale a Ezekiele aja, eti?"

Ezekiele ndi mwana wa mayi aang'ono, munthu wabwino, koma malume weniweni ali moyo. Ndinawayankha kuti umalume sadaupatse ndi a wailesi, ndiye sangaulandenso ndi a wailesi. Anati amva, akaganiza. Njinga anaikankha mpaka kumsewu osakwera.

Pakamwa ndinalimba, koma atachoka mtima unagwa. Sindingawanene. Ali ndi ana kusukulu, ndipo pachinkhoswe sipalephera munthu wokanena kuti wakuti anagwirana chanza ndi wakuti. Nanga Wilkins akachotsedwa ntchito chifukwa cha kuuma mutu kwanga, D. adzadya mwambo? Iye anangosinja mphale nthawi yaitali kuposa mmene imafunikira.

Lachinayi, 16 Ogasiti

G. wafika. Osati pa galimoto yakuda ya mbendera ija, koma kumbuyo kwa lole yodzatenga mbatata, fumbi mpaka m'nsidze, sutikesi imodzi. Mkazi wake ndi ana wawasiya kwawo kwa mkaziyo. Amuuza kuti apite kumudzi akakhale phee, asamayende, asamasonkhanitse anthu. Zina sananene, ine sindinafunse.

Atatsika anati, "Achemwali, ulendo uno ndafulumira." Ndinaseka mpaka misozi, kenako misoziyo inapitirira yokha.

Waonda. Dzino lotsogolo lija lidakali lobenthuka, unduna sudalikonze. Atasamba ndinamufotokozera za a Malizani. Sanadabwe. Anati a Malizani akunena zoona, tambala alandire Ezekiele, iye Loweruka akaswera kumunda kupirikitsa mbalame, anthu adzadye mwamtendere.

Apo ndiye ndinapsa mtima. Ndinamuuza kuti pamene anali nduna tamudikira chaka chonse, mwana akukalambira pakhomo, lero wapeza mpata akufuna kukabisala m'tirigu? Anangoweramitsa mutu ngati masiku a manachesi aja. Titazizira tonse tinagwirizana kuti mawu omaliza akhale a Wilkins, poti ntchito imene ili pamoto ndi yake.

Lachisanu, 17 Ogasiti

Wilkins anabwera ataweruka, masana dzuwa likuswa mtengo, njinga n'kuiimika pabwalo poonekera. Kale ankati akamva kuti G. ali pafupi, mawu ankamuthawa. Lero anagwada, n'kupereka moni: "Muli bwanji malume?" G. anacheuka ngati akuitana wina. Ndikuganiza kuti papita nthawi asanaitanidwe ndi dzina limene si la mpando.

Tinamuuza zonse, osamubisira kuti akhoza kuvutika nazo. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Ku Nsanje anditumiza kale, mayi. Akafuna kundikankhira patsogolo ndiye kuti ndi ku Mozambiki." Anaseka. Mwana uyu ndamukonda lero.

Koma mkamwini sadziperekera yekha tambala. A Malizani sanayankhe kanthu, ndipo akapanda kubwera palibe chinkhoswe. Thobwa taphika, theka la limene tinkafuna.

Loweruka, 18 Ogasiti

Anthu anabwera ochepa: Ezekiele ndi mkazi wake, amayi a Mvano atatu, ndi anansi amene sakanatha kunamizira kuti sakuona. Mabenchi amene tidabwereka kusukulu anangokhala pamtengo.

G. anavala suti yake ya ku Nyumba ya Malamulo, nsapato n'kuvula, n'kukhala pamphasa. Tinadikira. Chithunzithunzi cha nkhokwe chinachoka mbali ina n'kupita mbali ina. Wilkins ankangopita kumsewu n'kubwerera. D. anali m'nyumba atavala kale, ndipo sindinalowemo chifukwa ndinalibe chomuuza.

Dzuwa litapendeka anatulukira a Malizani, osati kumsewu koma kanjira ka m'tirigu, ndi alongo awo awiri atasenza dengu ndi khasu. Suti yatsopano ija sanavale, anavala jekete la kuofesi lomwelo. Tambala wofiira m'khwapa. Anacheuka kawiri asanalowe pabwalo, koma analowa.

Atakhala ndi kupatsidwa moni anafunsa, monga mwa mwambo, kuti mwini mbumba pano ndani. G. anati ndi iye. A Malizani anafotokoza zimene adzera, mawu akuwatuluka pang'onopang'ono, kenako anafunsa funso limene nkhoswe iliyonse imafunsa inzake:

"Nanga ana awa akadzayambana, tidzakupezani kuti?"

Chaka chathachi yankho likanakhala lakuti mukalembetse kwa mlembi ku Lilongwe.

"Pompano," anatero G. "Sindichokanso."

A Malizani anapereka tambala ndi manja awiri. Tambalayo anakupiza mapiko, n'kuipitsa thalauza la suti ya G. pabondo penipeni. G. sanapukute. Anamugwira miyendo ndi dzanja limodzi monga tinkachitira tili ana, n'kutembenukira kwa ine.

"Achemwali, bweretsani thadzi."