Andilanda Kalasi Chifukwa cha Phunziro la Dzulo

Lachitatu, 14 Malichi 2001. Tsiku loipa.

Ahedi andilanda kalasi ya Fomu 2. Mlandu wake ndi phunziro la dzulo. Ndinauza ana kuti Chikhristu ndi Chisilamu zonse zinayamba ndi anthu ochepa ozunzidwa, zinafala ndi alaliki, amalonda, pena ndi nkhondo, ndipo kuno kwathu zonse n'zobwera.

M'mawa kunabwera makolo awiri. A Namaona a ku Matawale, mkulu wampingo, akuti ndikukokera mwana wawo kumzikiti. A Jafali a ku Chikamveka akuti ndanyoza Asilamu potchula malonda a akapolo, chikhalirecho ndinatchulanso zoipa za atsamunda. Anakhala benchi imodzi, mawu amodzi: ndichoke.

Ndinati, "Ahedi, ndiuzeni pamene ndanama."

Anayankha maso ali pa tebulo. "Simunaname, amayi. Koma sukulu ino ikufuna mtendere."

Mtendere wanji? Bambo anga ankaswali, mayi anga ankaimba kwaya, ndipo anakalamba nyumba imodzi osabisirana mbiri. Mawa kulowa mphunzitsi wina, mutuwo angoulumpha. Anawo akula aliyense akudziwa theka lake lokha, ine nditakhala mu ofesi ngati wolakwa.