Foni Yoima Yokha

Lolemba, 3 Juni

Foni yazima kawiri lero. Batire latupa ngati chule, chivindikiro chikukana kutseka, ndamanga ndi labala. Kamera nayo yachita ng'ala. Batani akuti akatiimbira timaoneka ngati tili m'bafa la madzi otentha.

Mwana mmodzi yekhayo. Dzina lake lenileni linatsala pa pasipoti. Kwa ife ndi Batani chimezereni batani la jekete ya kasitomala ali wamng'ono, bambo ake n'kusokerera lina losafanana.

Watumiza ndalama za foni yatsopano, pamodzi ndi chithunzi chake. “Yopinda, amayi. Osati ina.” Mtengo wake mashini awiri osokera. Ndalama ya msana wake imeneyo. Kunjako amasambitsa nkhalamba za eni, kuzidyetsa, kuzitembenuza pabedi.

Sakudziwa kuti kunonso ali ndi yakeyake. Sitiroko inawapeza bambo ake pa mashini mu Marichi. Dzanja lamanja lafa, mwendo ukukoka, mlomo wagwa mbali imodzi. Telala wopanda dzanja lamanja. Anandilumbiritsa ali chigonere m'chipatala: “Mwana asamve. Akamva asiya ntchito, mapepala ake aonongeka, abwera kudzakhala ngati ife.” Ndinavomera. Munthu ali pa diripi sutsutsana naye.

Lachitatu, 5 Juni

Nthawi yopuma masana ndinathamangira kusitolo ya mafoni. Wogulitsa ndi mtsikana wa zikhadabo zazitali zopaka wofiira. Anandiyang'ana nsapato kaye, kenako nkhope.

Anayala ziwiri pagalasi. Wamba, yaphwatalala ngati kathabwa. Ndi yopindayo, kakang'ono ngati kabokosi ka paudala. Kuti aitsegule analimbana nayo, zikhadabo zikutsetsereka. “Iyi ndi ya mabwana, amayi.” Mumtima ndinati mabwana ali ndi manja awiri.

Ndinayesa ndi dzanja limodzi, lamanzere, linalo nditalibisa m'thumba. Chala chachikulu sichilowa. Inatsala pang'ono kugwa. Mtsikana uja: “Amayi, mundichotsetsa ntchito!”

Pakati pa sikirini pali mzere. Suoneka kwenikweni koma chala chimaumva. Akuti umazolowereka. Zonse amati zimazolowereka.

Wamba ndi theka la mtengo. Yotsalayo ingalipire mafizo a bambo a Batani, zolimbitsa dzanja ndi mwendo kuchipatala, mpaka kumapeto kwa chaka, ndi galimoto yowatengera komweko. Palibe choganizira apa. Wamba.

Lachinayi, 6 Juni

Ndawauza bambo a Batani. Avomera msanga, msanga kwambiri. “Nsalu imayamba kutha pa mpindiro. Thalauza, kolala, chilichonse. Gulani yosapinda.”

Nanga mwana, poti wanena yopinda? “Mumuuze kuti tagula yopindayo. Iye amaona ife, saona foni. Foni sidzijambula yokha.”

Mutu ukadagwira ntchito ndithu. Bodza lina pamwamba pa linzake, msoko wowongoka bwino.

Sopo watha. Mapiritsi a magazi atsala a sabata.

Lamlungu, 9 Juni

Tsiku la sewero.

Kuwameta, kuwaveka malaya oyera, tepi yoyezera m'khosi. Mpando pawindo, mbali yabwino kuloza kuwala. Foni kudzanja lamanzere, pafupi ndi nkhope, kuti muzioneka diso, tsaya ndi tepi basi. Ine kumbuyo, pa mashini, kupalasa opanda ulusi kuti kumveke kuti ntchito ilipo. Mawu akakoka lilime, mlandu ndi wa netiweki.

Batani anaseka: “Ababa, miyezi itatu ndikucheza ndi khutu lanu. Lili bwanji khutulo?” Iwo anati lili bwino, likupereka moni. Anaseka onse awiri. Ine kupalasa.

Kenako kwa ine. “Mwagula?” Ndati sabata ino. “Yopinda, amayi.” Sanaseke ponena zimenezo.

Itatha foni, malaya onse thukuta. Anati ndiwavule tepi, ikuwalemera.

Lachiwiri, 11 Juni

Kunabwera mwini suti ya bulawuni, ija inadulidwa mu Marichi. Wadikira mokwanira, sindimunena. Ndinamupatsa zidutswa zake m'pepala, choko chikadali pamapewa. Bambo a Batani anabisala kuchipinda ngati angongole. Atachoka anafunsa kuti wati akaipereka kwa ndani. Nditamutchula anati, “Ameneyo manja a jekete amasoka ngati mapaipi.”

Pobwera kuntchito ndinapeza singano itabayidwa pa mkono wa sofa, iwo akuyesa kulowetsa ulusi ndi dzanja lamanzere. Sindikudziwa anayamba nthawi yanji. Ndinalowa kukhitchini ngati sindinaone.

Zala za kumanjako zayamba kupindikira m'kati. Posambitsa ndimachita kuzikanula kuti madzi alowe.

Ndatopa. Ndafufuta mawu amenewa, ndawalembanso. Ndilibe wouza. Amene ndikanamuuza ndi yemwe ndikumupalasira mashini.

Lachisanu, 14 Juni

Ndinapita kukagula wamba, ndalama m'chikwama. Ndinapeza wa zikhadabo uja akulankhula ndi mwana wake pa yopinda ya chionetsero, bwana kulibe. Anaipinda theka n'kuikhazika pagalasi. Inangokhala yokha ngati munthu pampando. Iye manja onse awiri ali pa ntchito, kupala zikhadabo, uku akukalipira mwana za yunifomu.

Atamaliza anaitembenuzira kwa ine. “Taonani, simuchita kuigwira.” Ndinadziona kuyambira kumutu mpaka m'chiuno. Mapewa, manja onse, chikwama, ngakhale batani lomwe ladukapo pa bulauzi. Mkazi wa telala. Pobisala palibe.

Ndinatuluka osagula. Anandikuwira kuti kodi ndikufuna yoti izipindika katatu.

M'basi monse mutu uli pomwepo. Wamba imagwidwa m'manja, imaonetsa chimene mwini wafuna. Yopinda imakhala patebulo, imaonetsa chimene chilipo. Ndinalumbira kuti sindidzanena. Foni sinalumbire.

Koma mafizo. Ndikagula yopinda mafizo apita.

Loweruka, 15 Juni

Agwa.

Ndinali kuntchito mpaka masana. Ndawapeza pakati pa bedi ndi khoma, tsaya pasimenti, thalauza lonyowa. Foni pambali pawo, yozima. Akuti anaikanikiza mpaka chala kuwawa. Aneba ndi amene anandithandiza kuwanyamula, ine ndekha sindikanatha.

Mawu oyamba atakhala pabedi: “Mwana asamve.”

Ndinachapa thalauza.

Tsiku lina ndidzawapeza sakupuma. Ndidzamuimbira mwana, adzandifunsa kuti zayamba liti. Ndidzati chiyani? Netiweki?

Lolemba, 17 Juni

Ndagula yopinda. Chenji chake chakwana chikopa chotchingira ndi sopo.

Ndinaiika pa tebulo la mashini. Anaiyang'ana nthawi yaitali. “Mwandigulira chinthu chofuna manja awiri. Mukundiseka, mayi a Batani?” Ndati mwana ndiye wanena. “Mwana sakudziwa. Inu mukudziwa.”

Tiyi anakana. Zaka zonsezi sanakanepo tiyi, ngakhale tsiku limene tinayambana za mchemwali wawo.

Lachinayi, 20 Juni

Sitikulankhulana, kupatula “madzi” ndi “ndigwireni”.

M'mawa ndili kukhitchini ndinawaona pa galasi la kabati. Foni ataipanikiza pachifuwa ndi chibwano, chala chikufunafuna polowera. Inatseguka pang'ono, n'kudzitsekanso, phaa. Anayesanso. Kenako anaibweza pamalo pake, n'kuiwongola kuti ikhale mmene ndinaisiyira.

Mwina ndalakwa. Munthu watsala ndi chinthu chimodzi, kuti mwana wake azimuona ali telala. Ine n'kupita kukagula chida chomuvulira. Ndi ndalama ya mafizo.

Zithunzi zatulukamo bwino mu yakale ija. Pa yatsopanoyi mzere wapakati umadutsa m'chiuno mwa aliyense.

Lamlungu, 23 Juni

Ndilembe zonse ndisanaiwale, ngakhale sindikuona kuti ndingaiwale.

Anavala malaya oyera, tepi m'khosi. Anati ndiwaike nsalu pamiyendo, ija ya mizere, kuphimba dzanja. Ndinawaika. Itaitana foni anatambasula dzanja lamanzere kuti ndiwapatse. Sindinawapatse. Ndinaipinda theka, ndinaikhazika pa tebulo la mashini, ndinakoka mpando n'kukhala pambali pawo. Anandiyang'ana. Mashini ali chete, koyamba.

Batani anaoneka bwinobwino, mpaka timizere ta pansi pa maso. Wachepa thupi. Yunifomu ya buluu, ali m'kachipinda kosungira matawulo. Anatiyang'ana, ife kumuyang'ana. Ndimadikira kukuwa.

Anangoti, “Ababa, chotsani nsaluyo.”

Bambo ake sanasunthe. Ndinachotsa ine.

“Mwalisiya lipindike choncho? Liuma limenelo. Amayi, ligwireni pamkono apa. Ayi, m'munsi. Yambani ndi chala chachikulu, pang'onopang'ono, musakoke.” Anatenga thawulo, kulikulunga, kutionetsa moikira m'chikhatho. Mawu a kuntchito, osanjenjemera. Ine misozi ili mbwembwembwe, iye akuti ndiwerenge mpaka khumi.

Ankadziwa. Kuyambira Epulo. “Chibadwire changa ababa sanagwirepo foni ndi dzanja lamanzere. Ndiye mashini akulira iwo ali pafoni, akupalasa ndani? Komanso inu amayi mumapalasa ngati mukuthawa galu.” Bambo ake anaseka, kuseka kwa mbali imodzi kuja amabisa. Sanabise.

Batani akuti anadikira kuti timuuze tokha. Ataona kuti sititero, anaganiza za foni yoti iziima yokha, aziona thupi lonse, azitiphunzitsa. Miyezi yonseyi ife kumusewerera iye, iye kutisewerera ife. Banja la akatswiri.

Bambo ake anayamba zija za mapepala, kuti asayerekeze kusiya ntchito. Batani anawadula mawu. “Musaope, ababa, sindibwera. Ndinafunsa kale. Ndikatuluka m'dziko muno sandilolanso kulowa. Zaka ziwiri zikwane kaye.” Belu linalira kumeneko, nkhalamba ina ikufuna kutembenuzidwa. Anati Lachitatu tidzachita phewa. Anadula asanatsanzike bwino. Ndikuganiza kuti anathamangira kudula.

Ndinapinda foni. Phaa.

Lolemba, 24 Juni

Tiyi amwa.

Ndikuwaongola zala m'mawa, anafunsa osandiyang'ana: “Wati sabwera eti?” Ndati ndi zimene mumafuna. “Eya. Ndi zimene ndimafuna.” Anayang'ana pawindo. Kenako, “Zaka ziwiri,” ngati akuyeza nsalu yoti sikwana.

Zala ndikaziongola zimakhala kanthawi, ndikasiya zimabwerera. Chimodzichimodzi, osafulumira.

Tepi aipachika okha pa msomali.

Akundiitana. Akuti ndiwatsegulire foni, angoona ngati mwana walemba. Kumeneko ali pa ntchito, sangalembe, ndawauza kale kawiri. Ndikupita ndikawatsegulire.