Ndinasaina M'buku la Mbalame

Lachiwiri, 14 Okutobala

Okondedwa Achimwene,

Mundikhululukire zilembo zokhotakhotazi ndi mawu amene ndalakwitsa kalembedwe. Mukudziwa kuti sukulu ndinalekezera sitandade 4. Ndasankha kalata chifukwa pa foni mukangofunsa kuti Bambo ali bwanji, pakamwa panga pamathamangira kunena kuti ali bwino.

Tinabwerako Lachisanu ku ulendo wokaona mbalame uja. Tinayenda masiku asanu ndi limodzi m'mapaki atatu a m'mbali mwa nyanja, pa minibasi yakale ija Bambo anaisandutsa nyumba. Bedi analikonza, kachitofu ka gasi kakuyaka bwino, koma chitseko cha kabati chimatsegukabe pa kona iliyonse n'kumwaza makapu. Ine ndinanyamula mankhwala a mutu, a m'mimba, maambulera awiri ndi matochi atatu. Bambo ataona katunduyo anati, "A Nkhawa, mwaiwala ambulansi." Dzina limenelija sanalisiyebe.

Munandiuza kuti ndikadzaona chachilendo pa maso awo ndidzakuuzeni msanga, kuti galimoto igulitsidwe, iwo akakhale kwanuko pafupi ndi chipatala. Ndinavomera. Achimwene, chachilendocho ndachiona, ndipo ndakhala nacho masiku onsewa osakuuzani.

Zinayambira ku paki yoyamba. Mbalame ikalira m'bango ankaitchula dzina isanamalize n'kulira komwe. Koma ikatera poyera, ankandipatsa magalasi oonera patali aja n'kunena kuti akufuna andiyese: ndinene mtundu wa mlomo, kutalika kwa miyendo, ngati ili ndi mzere pa mapiko. Ndikanena, iwo n'kutchula dzina. Tsiku loyamba ndinkanyada kuti ndikuphunzira. Tsiku lotsatira ndinazindikira kuti sakundiyesa ayi, akubwereka maso anga.

Pamsewu ndinayamba kuwauza za kutsogolo ngati ndikungocheza, kuti taonani njinga iyo yanyamula matabwa, taonani ng'ombe izo zanenepa bwanji. Ankayankha kuti aziona kale, koma buleki ankaponda ine nditalankhula. Pa geti la paki yachiwiri anaima chitsulo chotchingira chija chitakhudza kale galasi. Mlonda wa pagetipo anayang'ana ine, osati iwo. Anazungulira mbali yanga n'kundifunsa chapansipansi ngati ndimatha kuyendetsa. Ndinati ayi. Anangopukusa mutu n'kukweza chitsulocho.

Mukukumbukira lamulo la buku lawo lobiriwira lija, loti mbalame silembedwa pokhapokha anthu awiri ataiona, ndipo wachiwiriyo asaine pambali. Zaka makumi atatu ankasaina ndi malemu Amayi. Tsamba la vuwo, mbalame yaikulu yoyera ya thumba pakhosi ija, linali lopanda kanthu, pakuti Amayi anatisiya asanamuone. Ulendo wonsewu unali wa vuwo, ngakhale Bambo sananene.

Tsiku lomaliza m'mawa tinaimika galimoto pafupi ndi kamlatho ka matabwa kolowa m'madzi. Ndikuwiritsa madzi a tiyi ndinamva akundiitana motsitsa mawu, ndi dzina langa lenileni. Anali ataika magalasi kumaso, chibwano chikuloza kupyola bango.

"Uyo, wangokhala phee pamadzi. Usathamange, angauluke."

Ndinalandira magalasi n'kuyang'ana. Chinali chigubu choyera cha pulasitiki, cha zija asodzi amamangirira ku ukonde, chikuvinavina ndi mafunde. Ndinaona ngakhale chingwe chake cha buluu.

Anandifunsa ngati ndamuona. Achimwene, nkhope imene anali nayo sindinaionenso chichitikire maliro a Amayi. Ndinati ndamuona. Anafunsa za thumba la pakhosi, ndinati lilipo, lachikasu. Analemba tsiku ndi nthawi, zilembo zikukwerana ndi za mzere wapamwamba, kenako anandipatsa cholembera. Ndinasaina pomwe Amayi akanasaina.

Pobwerera anali osangalala, mpaka anagula malalanje thumba lathunthu panjira. Titayenda ndithu anati, "Amayi ako m'buku limeneli sanandinamizepo, n'chifukwa chake ndimalikhulupirira. Iwe watengera iwowo." Sindikudziwa ngati ankandiyamikira kapena ankandiuza kuti adziwa. Ine ndinangowauza kuti kutsogolo kuli ngolo.

Tsopano akuti Loweruka lino tipite ku paki ina, ya kuseri kwa phiri, msewu wake wa makona ambiri ndi maphompho m'mbali. Akuti maso awo abwerera mwakale, umboni wake uli m'buku. Mukuona zimene ndachita. Lamlungu ndinatenga makiyi a galimoto n'kuwabisa m'kabokosi ka makina anga osokera, pansi pa ulusi. Masiku awiri tsopano akufunafuna. Sayang'ana ngati mmene timayang'anira ife, amapapasa ndi manja patebulo, pawindo, m'matumba a jekete. Dzulo anakhala pakhonde n'kunena kuti mwina mutu nawo wayamba kuwathawa. Mawu amenewa andipweteka kuposa bodza la kunyanja lija, chifukwa mutu wawo uli bwinobwino, wakuba ndine. Ndinawathandiza kusuntha mipando yonse ya pabalaza.

Chonde musawaimbire foni n'kuwakalipira. Mukudziwa mmene amachitira, adzatseka pakamwa mwezi wathunthu, ndipo wokhala nawo ndine. Ndaganiza mpaka mutu ukundiwawa. Mukawatengera ku nyumba yanu ya pamwamba ija, kopanda ngakhale mtengo pawindo, m'mawa azidzamvetsera chiyani? Makutu ndi amene awatsalira. Komanso ndikawabwezera makiyi, iwo n'kukagunda mwana wa munthu, ndidzayankha chiyani, ine amene ndinaona chingwe cha chigubu chija? Ndinakafunsa ku sukulu yophunzitsa kuyendetsa galimoto. Akuti zimatenga miyezi itatu ndipo pali mayeso olemba. Nditamva za mayeso ndinatuluka thukuta, koma pepala lawo ndinatenga, lili m'chikwama.

Ngati kuntchito angakupatseni masiku ochepa, bwerani tidzawauze tili awiri, inu mumadziwa kusanja mawu. Mufunsenso adokotala akumeneko ngati maso ochita nkhungu chonchi amachizika, chifukwa kuno akukana kupita, akuti palibe chimene chikuwavuta.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Muwauze anawo kuti agogo awo amawatchula tsiku lililonse. Bambo akudziwa kuti ndikukulemberani, ali apa pakhonde. Akuti ndikupatseni moni wambiri, musadandaule za iwo, ndiponso ndikuuzeni kuti vuwo tamuona, mukabwera adzakuonetsani pamene ndinasaina. Andifunsa kawiri ngati ndalemba zimenezo, ndawauza kuti ndalemba.

Makiyi akadali pansi pa ulusi. Kwatsala masiku anayi kuti Loweruka lifike, ndipo sindinapeze choti ndidzawauze.

Ndine mlongo wanu,
amene amakukumbukirani nthawi zonse.