Tambala wa Apongozi Anapita Kuti?

Aphungu,

...ndiye kabawiyo potsika anaphimba dzuwa lonse, mpaka a nyumba yoyandikana nafe anayatsa nyale masanasana. Ndinatuluka ndi lezala m'manja, koma anali atauluka kale ndi tambala uja. Pepani, ndayambira pakati ngati kasitomala wolowerera pamzere.

Ine ndine wometa. Mukaona mutu wosalala bwino mumsewu, dziwani kuti wadutsa m'manja mwanga. Wokhala ndi zigamba ndi wa mnzanga wa kutsidya kwa msewu.

Chaka chatha apongozi anga aamuna, mawondo atawakana, anasamukira m'kachipinda ka kwa mlamu wanga komwe kulibe bwalo. Anandibweretsera katoni: mathadzi anayi ndi tambala mmodzi. Ndi nkhuku zosowa, Aphungu, zimaikira mazira a buluu ngati thambo litangochapidwa. Akhala akuzisunga zaka makumi atatu. Pondipatsa anati, "Mkamwini, ana anga enawa sangasunge ngakhale mphaka. Tambalayu musamunyoze, mtundu wonse uli mwa iyeyu."

Koma tambalayo mukanamuona. Wopanda mchira, ndevu zotulukira m'makutu, kulira kwake ngati chitseko cha bafa. Makasitomala akasuzumira kuseli ankati, "Abwana, munayesera makina atsopano pa nkhuku?" Ine munthu wodziwika.

Kabawi atachita zakezo, ndinapeza tambala weniweni: wofiira, chifuwa ngati mlonda wa pabanki, mchira wosesa bwalo. Anapiye anaswa khumi ndi awiri. Ndinalengeza mushopu monse kuti ndakonza mtundu wa apongozi. Tsopano misoti yayamba kuikira, ndipo mazira ake ndi obiriwira mwauve, ngati madzi otsukira mopu. Mathadzi akale atsala awiri, ndipo amaikira akakumbukira.

Apongozi akubwera Loweruka kudzaona mazira a zidzukulu zawo. Za tambala sakudziwa. Mayi a kunyumba angoti, "Bambo a mwana, pakamwa panu mpamene panayamba nkhaniyi, pomwepo ithere." Ine ndaganiza zoviika mazirawo mu buluu wochapira malaya oyera. Ndayesa limodzi, lakongola kuposa enieniwo. Funso langa ndi lakuti, ndiviike mphindi zingati?

Ine,
W. M., wometa wa pakona


A wometa,

Zikomo potipatsa kabawi woyamba m'mbiri kusiya anapiye ndi mathadzi onona n'kusankha tambala yekhayo amene ankakuchititsani manyazi. Mbalame yoganizira ena imeneyo.

Mphindi zoviikira ndi ziro. Dzira la nkhuku zimenezi ndi la buluu mpaka mkati mwa chigoba, ndipo munthu amene waliswa m'mawa uliwonse kwa zaka makumi atatu amadziwa buluu wake monga inu mudziwira dazi la kasitomala wanu wakale. Akadzaligwira ndi dzanja la thukuta, utoto n'kutsalira pa chala, mudzatinso ndi kabawi?

Chimene chachitika n'chosavuta. Mlonda wanu wa pabanki ndi wa mtundu woikira mazira ofiirira. Ana ake atenga buluu kwa amayi awo, n'kupakidwa kufiirira kwa bambo awo pamwamba. Ndiwo madzi a mopuwo. Misotiyo ilibe mlandu, mazira ake idyani, koma musaitchule mtundu wa apongozi.

Chuma chanu ndi mathadzi awiri okalambawo. Lero lomwe, musanatsegule shopu, atsekereni khola laokha, kutali ndi wofiirayo. Mbewu ya tambala imakhalitsa m'thupi mwa thadzi, choncho mazira a milungu itatu kapena inayi yoyambirira musawaikire kuti aswe. Apatseni chakudya cha nkhuku zoikira, zigoba zosinja, madzi oyera ndi mthunzi. Muziwasamala monga mumasamalira kasitomala amene amakutamani.

Kenako pafunika tambala wa mtundu womwewo, wopanda mchira, wa ndevu m'makutu, wolira ngati chitseko. Mum'peza kuti? Munthu wosunga nkhuku zosowa zaka zonsezo sakhala yekha. Alipo amene anagawana naye anapiye, alipo amene ankasinthana naye atambala. Mayina awo ali m'mutu mwa munthu mmodzi, yemweyo amene mukufuna kumunamiza Loweruka. Mukamupusitsa bwinobwino, adzapita kwawo akumwetulira, mathadzi adzakalamba, ndipo mtundu udzathera kuseli kwa shopu yanu mutapambana.

Ndiye musadikire Loweruka. Pitani mawa, mayi a kunyumba akuperekezeni, mutenge dzira limodzi lobiriwira losaviika. Adzakalipa. Inu pakamwa mutseke, ngakhale ndikudziwa kuti minofu ya ntchito imeneyo simunaigwiritsepo.

Ndinali nditamaliza yankholi pamene kanafika kakalata kena, zilembo zake zomwezi. Kakuti: "Aphungu, pa za kabawi paja ndinawonjezera pang'ono. Kunalibe kabawi. Anzanga a mpira anabwera Lamlungu, ndipo tambalayo tinamudya. Anali wolimba ngati lamba wonolera lezala."

Mwaona, a wometa, mumatha. Mizere inayi yopanda dzuwa lophimbidwa. Kanene imeneyo kwa apongozi monga ilili, koma za lambazo musiye kunyumba. Ndipo tambala watsopano akadzafika, anthu akayamba kumuseka, muzikumbukira kuti pabwalo panu wosowa ndi iyeyo. Ometa alipo mpaka kutsidya kwa msewu.

Phungu wanu