Mpira wachiwiri wa a Jenerali

Lolemba, 3 Febuluwale

Bwalo lathu la gofu lasanduka msika. Mahema, mbendera, makamera ochuluka kuposa mitengo. Akatswiri afika pa ndege yawoyawo, ndipo wopambana Lamulungu akuti atenga ndalama zoti ungagule nazo chigawo chonse chino ndi njati zake zomwe. Ndalamazo ndi za anthu a mafuta a kuchipululu aja. Gofu alibe naye ntchito kwenikweni. Akufuna gombe lonse la asodzi kuseri kwa dzenje la 14, amangepo doko ndi mahotela. Wosaina ndi a Jenerali. Kuno ngakhale galu sakwatira a Jenerali asanasaine.

Kapitawo wathu, Khun Wirot, watisonkhanitsa tonse onyamula zikwama, akazi okhaokha. Akuti sabata ino tizimwetulira. Ndamufunsa, "Bwana, timwetulira bwanji nkhope zili m'nsalu za dzuwa? Kapena tijambulepo mano pamwamba?" Anzanga kuseka mpaka kugwirana. Iye ayi.

Lachiwiri, 4 Febuluwale

Mawa akuluakulu asewera limodzi ndi akatswiri, mpikisano weniweni usanayambe. A Jenerali, tingoti a J., aitanitsa 99 monga mwa nthawi zonse. Wansembe wawo anawauza kalekale kuti 9 ndi nambala yawo yamwayi, ndiye wowanyamulira chikwama akhale 99 basi. M'kaundula 99 ndi Phi Lamduan (kuno wamkulu kwa iwe umamuitana Phi, iye amakuitana Nong). Koma Phi mawondo anatha, komanso ndi wamantha, ndiye chaka chachisanu ndi chiwiri chino a J. akabwera timasinthana malaya: iye avala 41 wanga, ine 99 wake. Chipewa, nsalu kumaso, magolovesi, angadziwe ndani? Akuluakulu sayang'ana nkhope, amawerenga pamsana.

Ndipo ntchito ya a J. amaitha ndine ndekha, Chaba. Munthu uja akakweza ndodo, mbalame za m'tchire zimatsanzika ana awo. Koma chiyambire sanatayepo mpira. Chifukwa? Ine ndimathamangira kutsogolo ngati wofunafuna, m'mkono wa malaya muli mpira wina wa nyenyezi yagolide ngati wawo, ndimautsitsa pa udzu wabwino. "Ndaupeza, Bwana, mwayi wanu uja." Tonse timachitira mabwana athu zimenezi, koma anzangawa amagwetsa ngati kokonati. Ine ngakhale udzu sumva.

Masana tikudya papaya wosinja wa tsabola, Phi akuti, "Nong, mawa lokha usiye. Maso achuluka."

Ndati, "Phi, dzanja langali lingachotse dzira pansi pa nkhuku, kuikapo mwala, nkhuku n'kundithokoza."

Sanaseke. Wangondikankhira mpunga wake.

Lachitatu, 5 Febuluwale

Zachitika pa 14.

A J. anali ndi bwana wa mafuta, wa ndevu zodulidwa ngati ndi rula, ndi katswiri wina mzungu wamtali ngati mtengo wa magetsi. Mzunguyo anabwera ndi womunyamulira wake, bambo wa kwawo konko. A J. amenya, mpira ulendo wa m'bango mphepete mwa dziwe. Ine liwiro, dzanja pansi, "Ndaupeza, Bwana." Bwinobwino, palibe anaona.

Kutembenuka, bambo uja ali m'bango mpaka m'mawondo. Kwawo akuti ndi ulemu kuthandiza mnzako kufuna mpira. Ulemu wanji umenewo? Watuluka atakweza dzanja, mpira wa nyenyezi yagolide uli pakati pa zala. Wina uli paudzu pamapazi anga. Nyenyezi ziwiri.

Mzungu anaseka kwambiri, mpaka kuwasisita a J. paphewa ngati mnzake wa kumowa. Wa mafuta sanaseke. Anayang'ana mpira uwu, mpira uwo, kenako a J. Pamwamba pathu kandege ka kamera kakungolira ngati udzudzu.

A J. anamwetulira. Anamaliza maenje onse akumwetulira. Kumwetulira kuja sindinakukonde.

Lachinayi, 6 Febuluwale

Kanema ali pa foni iliyonse, ena amuikira ndi nyimbo. Akuonetsa dzanja langa pang'onopang'ono, ndipo ndinene zoona, ngakhale pang'onopang'ono ukuona kuti ndi dzanja la katswiri. Nkhope siyikuoneka. Pamsana 99 ikuwala ngati chikwangwani cha basi.

Amene akutumizirana kwambiri ndi asodzi a kuseri kwa 14, oti asamutsidwe aja. Kusaina kunayenera kukhala Lamulungu popereka chikho. Pano akuti a mafuta ati aganize kaye, sakonda kusainirana ndi munthu amene akusekedwa pamsika.

Lachisanu, 7 Febuluwale

Pa wailesi womuyankhulira a J. akuti iwo sankadziwa kanthu. Akuti wonyamula chikwamayo anagulidwa ndi odana ndi doko kuti achititse dziko manyazi pamaso pa alendo. Kugulidwa ine? Asodziwo akanayenera kugulitsa mabwato onse ndi akazi awo.

Nthabwala pambali. Galimoto yakuda yopanda nambala yaima pa shedi yathu kuyambira m'mawa. Amuna awiri ometa mpala, akumwa khofi wa ayezi. Apempha kaundula. Khun Wirot zosinthana malaya amazidziwa bwino, koma akanena ndiye kuti nayenso walowamo. Wawapatsa bukulo ndi manja awiri.

Phi anandikokera kuseri kwa thanki. "Utseke pakamwa pakopo, kamodzi kokha pa moyo wako. Ndinena kuti ndinasokoneza, ndine nkhalamba. Andichotsa ntchito basi, mawondo anatopa kale. Iwe uli ndi ana awiri kusukulu."

Ndati, "Phi, inu mungagwetse mpira mwaluso choncho? Akhulupirira ndani?"

Akuti, "Nong, anthu aja sanabwerere luso."

Loweruka, 8 Febuluwale

Phi sanabwere. Amuna ake anafika pageti pa njinga yamoto, atavala malaya chozondoka. Akuti ometa mpala aja anamutenga m'mawa akupereka mpunga kwa ansembe oyenda ndi mbale zawo pamsewu, amvekere tikacheza naye pang'ono. Kupolisi akuti sakumudziwa. Mankhwala ake a shuga anatsala pathebulo.

Anandifunsa ngati ndikudziwa kanthu. Ine Chaba, woyankhula ngakhale ndili m'tulo, ndinati ayi.

Lamulungu, 9 Febuluwale

Wina wapambana chikho. Sindinaone kuti ndani. Pa benchi ya shedi palibe wakhala pafupi nane. Onse akudziwa kuti dzanja lija ndi langa, ndinkawauza ndekha chaka ndi chaka.

Lolemba, 10 Febuluwale

Mahema akuphwasula, koma ndege ya a mafuta sinanyamuke. Phi zii.

Khun Wirot wandiitana, maso ali pa desiki. Mawa bwalo latsekedwa, a J. asewera okha. Akufuna 41.

"Anena 99, Bwana, mwamva molakwika."

"Anena 41."

Chabwino. Ndikawauza a J. zonse: dzanja ndi langa, Phi sanakhudzepo mpira, palibe msodzi anandipatsa ngakhale kansomba kouma. Ndayeserera mawu pagalasi kakhumi. Ana ndawatumiza kwa mayi anga.

Lachiwiri, 11 Febuluwale

Bwalo lonse anthu awiri, ine ndi iwo. Ometa mpala aja anatsala patali m'kagalimoto. Tinadutsa pa 1, pa 2, mpaka pa 13. A J. ankaimba kanyimbo ka m'mphuno.

Pa 14 amenya. M'bango momwe muja. Ndinavula nsalu kumaso, koyamba pamaso pawo, n'kuphatikiza manja pachifuwa mwaulemu. "Bwana, pali zoti ndinene. Za 99."

Sanandiyang'ane. Ankapukuta ndodo. "Umaponda ndi kunja kwa phazi lamanzere. Zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikuyenda kumbuyo kwako, ukuganiza kuti sindikudziwa?"

"Ndiye Phi Lamduan, Bwana, alibe mlandu."

"Alendo anafuna kuona kuti pakhomo panga ndimasesa. Aona. Asaina mawa." Anabweza ndodo m'chikwama okha. "Munthu mmodzi wakwana. Ukufuna akhale awiri? Ana ako ali kwa agogo awo, eti? Kuja kuli mpweya wabwino."

Ndinafunsa kuti Phi abwera liti. Akuti zimadalira mmene anthu akhalire chete.

Kenako anatulutsa mpira m'thumba mwawo, wa nyenyezi yagolide, n'kuuika m'dzanja langa. "Vala nsalu yako. Pita ukandipezere mpira wanga."

Ndinapita. Ndinatsitsa dzanja, mpira unagwa ngati kokonati.

"Ndaupeza, Bwana."